Mpope, Vaisi ndi Bobojani: Za Maina a Zida Zomasulira Mfuti Zakale

Ntchito yochotsa mpope pa mfuti yakale ndi kuikapo wina ndi ya anthu owerengeka. Amaidziwa ndi okonza mfuti a m'magulu a asilikali ndi apolisi, osamala zinthu m'nyumba zosungiramo zakale, ndi amisiri ena ochepa amene lamulo limawalola kugwira mfuti za eni ake. Komabe mawu a ntchitoyi amafika kutali kuposa chipinda chimene mmisiri amagwiriramo. Wotanthauzira m'bwalo la milandu amawafuna pamene katswiri akufotokozera woweruza ngati mfuti yoperekedwa monga umboni inasinthidwapo mpope kapena ayi. Wolemba timapepala tofotokozera alendo zinthu zoonetsedwa amawafunanso, chimodzimodzi mphunzitsi wa zosulasula. Anthu otere akafika pa maina a zida za ntchitoyi kawirikawiri amangotchula mawu a Chingerezi monga alili, kapena amamasulira liwu ndi liwu kuchokera m'dikishonale, kapena amalumikiza chingwe cha mawu choyamba ndi "chipangizo" chimene munthu sangachitchule kawiri osapuma. Chilema cha njira zimenezi chimaonekera bwino pa nkhani ino, pakuti pano liwu lolakwika limatha kuswa chitsulo.

Vuto limayambira pa mutu weniweni wa nkhani. Dzina lakuti chida limasenza akatundu awiri: khasu ndi chida, mkondo ndi chidanso. Wolemba "zida za mfuti" sanamuuze wowerenga ngati akunena za zokonzera mfuti, za ziwalo zake, kapena za mfuti zimenezo monga zida zankhondo. Mneni wakuti kumasulira nayenso ali ndi nkhope ziwiri, popeza womasulira mawu ndi womasulira bawuti onse amamasulira. Koma apa palibe chodetsa nkhawa, chifukwa dzina lotsatira limachotsa chikayiko. Pa chida mpamene pamafunika chisamaliro. Wolemba ayenera kuwonjezera mfotokozi wosonyeza ntchito: zida zomasulira, zida zopanira, zida zoyezera. Akasiya kutero, chiganizo chonena za bokosi la mmisiri chimamveka ngati chonena za nkhokwe ya asilikali.

Zida zisanapatsidwe maina, payenera kudziwika kuti mfuti zakale zimene zinafika m'Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo zili m'magulu awiri, ndipo mpope sugwidwa mofanana m'magulu awiriwo. Gulu loyamba ndi la gogodera, mfuti zothirira wonga kukamwa, zimene zinalowa ndi amalonda a Chiyao, a Chiswahili ndi Achikunda a ku Zambezi m'zaka za m'ma 1800. Zambiri zinkasulidwa ku Birmingham ndi ku Liège. Pangano la ku Brussels la 1890 linatsekereza mfuti zamakono kuti zisagulitsidwe kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, koma linasiya khomo lotsegula kwa mfuti zachikale za mwala ndi wonga wamba, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene gogodera inakhalitsira m'midzi. Mpope wa mfuti yotere umangogona m'mtengo wake. Pa zakale kwambiri umagwidwa ndi timisomali topingasa. Pa mtundu wa Enfield wa 1853 umagwidwa ndi mphete zitatu zachitsulo. Ndipo kumbuyo kuli sikuluwu imodzi yolowa m'mtengo. Palibe chomasula pa mpope weniweniwo kupatula chitsekerero cha kumbuyo kwake, chimene chili ndi mazinga.

Gulu lachiwiri ndi la mfuti zolowetsa chipolopolo kumbuyo: Martini-Henry ya 1871, Lee-Enfield ya 1895 ndi ana ake, amene asilikali a King's African Rifles, gulu lokhazikitsidwa mu 1902, anawadziwa bwino pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, Mauser ya 1871, imene asilikali ambiri akuda a mbali ya Ajeremani ankanyamula m'chaka chimene kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, 1914, ndi Mauser ya 1898. Pa zonsezi mpope uli ndi mazinga kumbuyo ndipo umamangidwa molimba m'chitsulo china. Motero mneni wakuti kuchotsa, amene omasulira amamukonda chifukwa salakwa konse, sathandizanso konse. Chichewa chili ndi aneni osiyanitsa zochitika zimenezi: timisomali timagululidwa, mphete zimasololedwa, mpope wa mazinga umamasulidwa. Wophunzira amene wawerenga kuti mpope "umachotsedwa" alibe chomuletsa kutenga nyundo pamalo pofunika sipanala.

Za dzina la gogodera palinso kanthu ka kalembedwe. Ambiri amalemba gogodela. N'kosavuta kuona kuti dzinali likugwirizana ndi mneni wakuti kugogoda, pakuti wonga ndi chipolopolo zimatsindiridwa ndi ndodo. Ndipo mneni ameneyu akasinthidwa amakhala kugogodera, monga kugona amakhala kugonera. Chizolowezi cha kalembedwe ndi chakuti r amatsatira e ndi i, pamene l amatsatira a, o ndi u. Choncho gogodera ndiye kalembedwe koyenera, ndipo chifukwa chomwecho chimakana sipanara ndi kuvomereza sipanala.

Liwu la Chingerezi lakuti barrel ndi msampha woyamba kwa wodalira dikishonale yekha, chifukwa tanthauzo lake lodziwika ndi mgolo. "Mgolo wa mfuti" sichinthu chimene mlenje aliyense angachizindikire. Ena amati paipi, ena mlomo kapena kamwa. Mlomo ndi kamwa ayenera kusungidwira kumapeto kumene chipolopolo chimatulukira, popeza malo amenewo amafunanso dzina lawolawo. Paipi ndi liwu lomveka, koma limakumbutsa chitsulo chopyapyala cha madzi, ndipo pali chifukwa chabwino chosafunira kuti maganizo a munthu aphatikize paipi ya madzi ndi wonga. Mpope wa mfuti ndi mawu amene anakhazikika kale pakamwa pa anthu, ndipo ngakhale kuti nawonso amakhudza za madzi, mfotokozi wake wamatirira kotero kuti samvekanso ngati fanizo. Ayenera kulandiridwa. Chofunika kukonza ndi kalembedwe kake basi. Mpope ndi dzina la gulu la Mu-Mi, ochuluka ndi mipope, ndipo m woyambayo ndi phatikizo palokha. Safuna nkhodolero. Kulemba m'pope ndi kulakwa, chifukwa nkhodolero imasonyeza kuti mu wosonyeza malo wafupikitsidwa. Wofuna kunena za mkati alembe m'mpope. Mfuti ndi dzina la gulu la I-Zi, mfuti yanga, mfuti zanga, ndipo nalonso silifuna nkhodolero.

Chitsulo chimene mpope umamangidwamo ndicho chasowa dzina kwambiri. Chingerezi chomwe sichinagwirizane: a ku America amati receiver, mabuku a asilikali a ku Britain amati body, ndipo chitsulocho pamodzi ndi ziwalo zake zoyenda amachitcha action. Womasulira liwu ndi liwu angatulutse "wolandira" kapena "kachitidwe", mawu amene sakuloza chinthu chogwirika chilichonse. Thupi lingakhale pafupi, koma wakumva "thupi la mfuti" amaganiza za mfuti yonse. Dzina lakuti thunthu likuoneka loposa onsewa. Thunthu la mtengo ndi pamene nthambi ndi mizu zimakumana. Thunthu la mfuti ndi pamene mpope, mtengo wa kumbuyo ndi chotsekera zimakumana. Ndipo ndi pa thunthu pamene nambala ya mfuti imadindidwa kawirikawiri, chinthu chimene apolisi ndi a khoti amafuna kuchitchula mosaphonya.

Chotsekeracho nachonso chili ndi msampha wake. Chingerezi chimachitcha bolt, liwu limene linalowa kale m'Chichewa monga bawuti. Koma bawuti ya m'galaja ili ndi mazinga ndipo imayenda ndi nati, pamene bolt ya Lee-Enfield kapena Mauser ilibe chibale ndi nati: imakankhidwa kutsogolo ndi kupindidwa pansi, monga chitsulo chotsekera chitseko. Liwu la Chichewa la chinthu chotere lilipo kuyambira kale, ndilo mpiringidzo. Wolemba kuti "masulani bawuti musanayambe ntchito" watumiza wophunzira kukafunafuna chinthu chimene pa mfutiyo palibe. "Sololani mpiringidzo" ndi lamulo lomveka ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo mfuti.

Tsopano zida zenizeni. Mpope umene wakhala m'thunthu zaka 100, wamangidwa ndi mphamvu ya fakitale ndiponso wagwidwa ndi dzimbiri, sumasuka ndi manja. Zida ziwiri zimagwira ntchito pamodzi: china chimagwira mpope kuti usatembenuke, china chimatembenuza thunthu. Choyambacho ndi zitsulo ziwiri zochindikala zomangidwa ndi mabawuti akuluakulu pa benchi yolimba, ndipo pakati pake pamaikidwa zidutswa ziwiri za mtengo wolimba, za aluminiyamu kapena za mtovu, zogobedwa molingana ndi kukula kwa mpope. Vaisi wamba ya m'galaja siyenera, chifukwa nsagwada zake n'zafulati ndipo zimakhudza chinthu chobulungira pa mizere iwiri yokha. Mpope umaterereka, kapena umadindika mano, kapena umaphwatalala pang'ono mosaoneka ndi maso. Chida cha mpope chimaukumbatira mozungulira.

Okonda mawu a makolo angafune kuti chidachi chitchedwe mbaniro, dzina lakale la chopanira cha wosula. Maganizowo ndi abwino, koma mbaniro imagwidwa ndi dzanja, imanyamula chitsulo chamoto kuchoka m'chipala, ndipo mphamvu yake imathera pa mphamvu ya mkono. Kulipatsa dzinali ntchito yatsopano ndi kulanda wosula liwu lake popanda kumupatsa mmisiri wa mfuti chithunzi cholondola. Chopanira ndi liwu lotambalala kwambiri, pakuti ngakhale chopanira zovala pa chingwe ndi chopanira. Amisiri a m'tauni anazolowera kale vaisi. Apa kubwereka kulibe manyazi, malinga ngati mfotokozi sasiyidwa: vaisi ya mpope. Zidutswa zogobedwa zija sizifuna dzina lachilendo. Mtsamiro wakale wa mtengo unali wogobedwa kuti khosi likhazikike, ndipo kunena kuti mitsamiro ya mpope kumaphunzitsa mawonekedwe ndi ntchito nthawi imodzi.

Pa mitsamiro amisiri amawaza ufa umene Chingerezi chimautcha rosin. Ndi utomoni wa mtengo wa paini, wouma ndi wopera, womwe oimba zeze za Azungu amapaka pa uta wawo. Ntchito yake ndi kuletsa kuterereka. Sumata chilichonse, ndipo ntchito ikatha umapukutidwa. Womasulira akautcha guluu kapena ulimbo wasocheretsa wowerenga. Ufa wa utomoni ndi mawu okwanira.

Chida chachiwiri ndicho chimafuna chisamaliro choposa. Chingerezi chimachitcha action wrench. Ndi zitsulo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti mozungulira mutu wa thunthu, zokhala ndi chigwiriro chachitali. Mtundu wina umalowa mkati mwa thunthu, m'njira ya mpiringidzo, ndi kugwira kumeneko. Popeza liwu lakuti wrench limakumbutsa amisiri ambiri chida cha mano chomasulira mapaipi, n'kwapafupi kulimasulira kuti bobojani. Kumeneku ndiko kulakwa koopsa mwa zonse. Chida chotchedwa bobojani chimagwira poluma, ndipo chimaluma kwambiri pamene munthu akukoka kwambiri. Thunthu la mfuti ndi chitsulo chamkati mopanda kanthu, chong'ambidwa mipata ya mpiringidzo ndi ya zipolopolo. Pa Mauser zakale chinaumitsidwa pamwamba pokha, mkati n'kukhala chofewerapo. Likagwidwa pamalo olakwika limapotoka kapena kung'aluka, ndipo thunthu long'aluka silikonzeka. Pakati pa amisiri, mfuti za mtundu wa 1917 zopangidwa ku Eddystone, ku America, zinatchuka chifukwa cha mipope yomangidwa mothina kwambiri ndi mathunthu opezeka ong'aluka pambuyo pomasula. Ngati ngozi yotere imachitika chida chili choyenera, nanga ndi chida cha mano?

Dzina loyenera ndi sipanala ya thunthu. Sipanala, mosiyana ndi bobojani, imadziwika kuti imakhala ya muyezo umodzi ndipo imagwira pokwanira osati poluma. Munthu aliyense amene anamangapo njinga amadziwa kuti sipanala ya nambala ina imawononga nati. Nzeru imeneyo imasamukira ku mfuti popanda kufotokoza zambiri. Thunthu la Mauser n'lobulungira pamwamba ndi lafulati pansi. La Martini-Henry lili ngati kabokosi ka mbali zafulati. La Lee-Enfield lili ndi mawonekedwe akeake. Chilichonse chimafuna sipanala yake, kotero kuti dzina lonse limakhala sipanala ya thunthu la Mauser, ndipo kutalika kumeneko sikuli kopanda pake, chifukwa liwu lililonse likuchotsa chida chimodzi cholakwika pa benchi.

Mawu akuti mazinga ndi amodzi mwa mawu abwino amene amisiri anadzipezera okha popanda komiti. Aliyense amamva akauzidwa kuti bawuti yatha mazinga. Koma pa nkhani ya mfuti liwuli lili ndi mnansi woopsa, ndiye mizinga, mfuti zikuluzikulu zija. Kusiyana kwake ndi lembo limodzi la liwu, ndipo wotayipa wothamanga akhoza kusandutsa "mazinga a mpope" kukhala "mizinga ya mpope" poganiza kuti akukonza. Owerenga zolembedwa zisanadindidwe ayenera kuchenjezedwa. Choposa apo, mazinga onse si amodzi. Joseph Whitworth wa ku Britain anakhazikitsa muyezo wake mu 1841, wa mazinga opendekeka madigiri 55, pamene mazinga a mabawuti a mamilimita amene ali m'masitolo lero ndi a madigiri 60. Mpope wa Mauser ya 1898 uli ndi mazinga 12 pa inchi imodzi, a mtundu wa Whitworth. Maso sangasiyanitse madigiri asanu, koma chitsulo chimasiyanitsa. M'mndandanda wa mawu, mazinga asaime okha. Payenera kukhala mpata wotchula mtundu ndi chiwerengero.

Palinso chizolowezi chotcha mazinga tingalande topotoka ta mkati mwa mpope, timene timazunguza chipolopolo kuti chiuluke molunjika. Ichi chiyenera kukanidwa. Mpope umodzi uli ndi zonse ziwiri, mazinga kunja kwa tsinde lake ndi ngalande mkati, ndipo chiganizo chakuti "mazinga atha" chingatanthauze matenda awiri osiyana: mpope wosagwira m'thunthu kapena mpope wosalunjika powombera. Ngalande ndi liwu lokwanira pa za mkati. Ndipo kutha kwa ngalande ndiko kunali chifukwa chachikulu chosinthira mipope. Mfuti ya Lee-Metford ya 1888 inali ndi ngalande 7 zosazama, zoyenera wonga wakuda. Wonga watsopano wotchedwa cordite, wotentha kwambiri, unazidya msanga, ndipo mu 1895 kunabwera mpope wa ngalande 5 zozamirapo, wokonzedwa ku fakitale ya boma ya ku Enfield. Mfutiyo inasintha dzina n'kukhala Lee-Enfield.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro la kalembedwe limene olemba ambiri saliona. Maina awiri olumikizidwa ndi mdulamawu si dzina la munthu mmodzi. Loyamba ndi la wokonza thunthu, lachiwiri ndi la mpope. Lee ndi James Paris Lee. Metford ndi William Ellis Metford. Enfield ndi malo. Pa Martini-Henry, thunthu ndi la Friedrich von Martini wa ku Switzerland, ngalande ndi za Alexander Henry wa ku Edinburgh. Mfuti za Martini zimene pambuyo pake zinaikidwa mipope ya .303 zinatchedwa Martini-Metford kapena Martini-Enfield, ndipo dzinalo palokha limanena kuti mfutiyo inadutsapo m'vaisi. Wolemba amene achotsa mdulamawu, kapena kusandutsa mainawa kukhala Matini Henele, wafafaniza umboni umenewo. Maina a anthu ndi malo asiyidwe monga alili.

Chingerezi nachonso sichili chopanda banga pa nkhani ya maina. Kumbuyo kwa mpope wa Lee-Enfield, pamwamba, pali kamalo kafulati kamene kamathandiza kuona ngati mpope waima molunjika ndi thunthu. Mabuku ambiri amakatcha Knox form, ngati kuti kunali munthu wina dzina lake Knox. Dzinalo n'lochokera kwa Henry Nock, wosula mfuti wa ku London amene anamwalira mu 1804. Nock's form inamveka m'makutu ngati Knox form, ndipo kulakwako kunakhazikika m'mabuku. Chichewa sichikakamizidwa kulandira cholowa cha kulakwa kwa ena. "Pafulati pa mpope" ndi mawu osavuta amene akuloza malowo popanda kudzutsa mkangano wa Nock ndi Knox.

Kubwezera mpope n'kovuta kuposa kuumasula, ndipo apa mneni wakuti kumanga sakwanira payekha. Mpope uyenera kulimba pamalo amodzi okha, pamene kachitsulo kolozera ka kutsogolo kaima chilili, ndipo, pa Lee-Enfield ndi Martini, pamene mpata wodulidwa kumbuyo kwa mpope wakumana ndi kambedza kokokera khoko la chipolopolo. Ukalimba usanafike pamenepo, kapena ukapyola, mfutiyo siwombera molunjika kapena sitseka konse. Choimitsa mpope ndi kakhonde kozungulira kumene mazinga athera, kamene Chingerezi chimakatcha shoulder. Pano kumasulira liwu ndi liwu kukuyenda bwino mwangozi. Chichewa chimapatsa kale mbiya khosi ndi mlomo, kotero phewa la mpope silimveka lachilendo. Kulimba pamalo oyenera kungatchedwe kumanga molunjika, ndipo palibe chifukwa chobwerekera liwu.

Mawu ovuta mwa onse ndi headspace. Omasulira liwu ndi liwu angati "malo a mutu", mawu amene angasekedwe ngati nkhaniyo ikanakhala yosekedwa. Tanthauzo lake ndi kutalika kwa mpata wochokera pa nkhope ya mpiringidzo wotseka kufika pamalo pamene khoko la chipolopolo limaima m'mpope. Mpatawo ukachepa, mpiringidzo sutseka. Ukakula, khoko limatambasuka powombera mpaka kuduka, ndipo mpweya wamoto umabwerera kumaso kwa wowombera. Pa .303 ya ku Britain khoko limaima ndi mkombero wake wa kumbuyo, ndipo muyezo wa asilikali unali kuyambira .064 kufika .074 ya inchi. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita, kuchindikala kwa mapepala awiri kapena atatu a m'kope. Pa Lee-Enfield No. 4 mitu ya mpiringidzo inkapangidwa ya utali wosiyana, yodindidwa manambala 0 mpaka 3, kuti wokonza mfuti asankhe woyenera mpatawo.

Kungakhale kokopa kutcha muyezo umenewu "mpata wa mkombero", popeza .303 ndiyo inali yofala m'maiko olamulidwa ndi Britain. Koma khoko la Mauser ya 1898 lilibe mkombero wotuluka kunja; limaima ndi phewa lake, kutsogolo. Dzina lomangidwa pa mkombero lingakhale loona pa mfuti imodzi ndi labodza pa inzake. Mpata wa khoko ndi mawu amene akukwanira pa zonse ziwiri. Apa pakuonekeranso kufunika kosiyanitsa chipolopolo, chimene chimauluka, ndi khoko, limene limatsala. M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku chipolopolo chimatanthauza zonse pamodzi, ndipo palibe choipa. Koma m'buku la mmisiri ndi m'bwalo la milandu kusiyanako n'kofunika, chifukwa zizindikiro za mpope zimapezeka pa chipolopolo pamene za mpiringidzo zimapezeka pa khoko.

Za kalembedwe ka mawu obwereka zingathe kunenedwa mwachidule. Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, inasindikiza malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990; ntchito yake inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba kuyambira 1996, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Mabuku otere amakhazikitsa mfundo ndi mawu a anthu onse. Sangayembekezeke kulowa m'bokosi la mmisiri aliyense. Koma mfundozo n'zokwanira kuweruza milandu ing'onoing'ono. Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, choncho geji osati gej, sikuluwu osati skru. Pa vaisi ndi vayisi, bauti ndi bawuti, chofunika kwambiri n'chakuti buku limodzi lisasinthesinthe pakati pa tsamba ndi tsamba, pakuti wofufuza m'mndandanda wa alifabeti sapeza liwu limene lalembedwa pawiri. Manambala a kukula kwa mpope, monga .303 ndi .577, asiyidwe ndi kadontho kawo patsogolo ndipo asasandutsidwe mamilimita, chifukwa ndi maina osati miyezo chabe.

Kwa osamala zinthu zakale pali mfundo ina imene mndandanda wa mawu uyenera kuiteteza. Amisiri ali ndi njira yofewetsera mpope wokanika, yodula kangalande kozungulira pafupi ndi phewa kuti kuthina kuthe. Njirayo imapha mpope kuti ipulumutse thunthu, ndipo ndi yoyenera pokhapokha mpopewo uli wotayidwa. Pa mfuti ya m'nyumba yosungiramo zakale, pamalo amenewo ndi pamene pali zidindo za oyesa mipope, monga za nyumba yoyesera ya ku Birmingham yokhazikitsidwa mu 1813, zimene zimauza wofufuza kumene mfutiyo inachokera. Liwu lakuti kukonza likagwiritsidwa ntchito pa zonse, kupukuta dzimbiri ndi kudula mpope zimalowa m'dengu limodzi. Kusamala, kutsuka, kumasula ndi kusintha ndi aneni anayi osiyana, ndipo kalata yopereka ntchito kwa mmisiri iyenera kutchula mmodzi yekha mwa iwo.

Zida zoyezera mpata wa khoko ndi tizitsulo tolimba toumbidwa ngati khoko, tolowetsedwa m'mpope mpiringidzo usanatsekedwe pang'onopang'ono ndi zala. Chingerezi chimatcha kamodzi go, kena no-go. "Yopita" ndi "yosapita" sizikunena kanthu, chifukwa geji siipita kulikonse. Chimene chimayang'anidwa ndi mpiringidzo, ngati watseka kapena wakana. Geji yotseka ndi geji yokana ndi maina amene akunena zotsatira zimene mmisiri ayenera kuziona: pa yoyamba mpiringidzo utseke, pa yachiwiri ukane. Zidindo za GO ndi NO-GO zili pa zitsulozo ndipo sizingafafanizidwe, kotero buku la Chichewa liyenera kuzionetsa kamodzi pambali pa maina atsopanowo. Ngati mpiringidzo watseka pa geji yokana mpope utangoikidwa kumene, mfutiyo siyenera kutuluka m'chipinda cha mmisiri.